Galu wooneka ngati mkango angapirire kutentha kwa ku Kasungu?

Moni nonse a pagulu pano, makamaka inu oweta agalu.

Ndimalima fodya ku Santhe, ndipo akuba anditopetsa pachigafa. Ndikufuna galu wamanyenje ngati mkango, woti wakuba akangomuona miyendo izizire.

Ndafunsa anzanga ku boma, ndapitanso ku Lilongwe kawiri. Mnyamata wina anandigulitsa kagalu akuti ndi Chow Chow, koma lilime lake lofiira, pomwe la Chow Chow weniweni limakhala lakuda mobiriwira ngati buluu. Pano wakula, ndi galu wamba wakumudzi. Ndalama zinapita basi.

Amene wandidolola mtima ndi Tibetan Mastiff, komanso Leonberger wa ku Germany. Koma Tibet ndi dziko la mapiri ozizira, ndiye ubweya onsewo mu Okutobala wathu uno zitheka? Nanga nkhupakupa mungazione bwanji mkati mwa ubweya wotere?

Alamu anga akuti ndingotenga Rhodesian Ridgeback, yemwe alenje ankasakira mikango, koma uyo ubweya wake ndi waufupi, amangofanana ndi mkango pa mtundu wokha.

Alipo amene anawetapo agalu amenewa kuno ku chigawo chapakati? Munawapeza kuti, ndipo mumawadyetsa chiyani? Chonde ndithandizeni.