Thandizani abale, 4WD yasiya kulankhula ndi kompyuta

Akuluakulu muli bwanji pa gulu pano. Ndili ndi X-Trail T31 ya 2008 ex-Japan, yandivutitsa mutu sabata yachiwiri tsopano. Nyali ya 4WD (kukoka ndi matayala onse anayi) ikuyaka pa dashibodi osazima, sikuti ikuphethira ngati muja imachitira matayala akasiyana size kapena ikatentha ayi, yangoti ngwee basi, nthawi zina ya ABS ya mabuleki nayo imabwera. Ndikapotokola ka switch kupita pa AUTO kapena LOCK palibe chikusintha, ikukoka ndi matayala akutsogolo okha. Lamulungu lapitali ndinatitimira m'matope popita kumudzi ku Ntchisi, anyamata anachita kundikankha ine thalauza lonse tho.

Zinayamba nditangoikitsa wailesi ya Android, mnyamata woikayo anachotsa dashibodi pafupifupi yonse. Pa diagnosis ikutulutsa code ya U1000, CAN communication (CAN ndi mawaya awiri amene makompyuta a m'galimoto amalankhulirana), tikafufuta ikubweranso, ndipo sikana (makina a diagnosis) ikafuna kulowa mu module ya 4WD (kakompyuta koyendetsa 4WD) ikungoti no response pomwe injini ndi ABS ikulowa bwinobwino. Mekaniki wanga wangothamangira kuti module yapsa tigule ina kwa ogwetsa magalimoto, koma mtengo wake mmm, komanso sanayeze kalikonse, wangoona code. Ine ndachotsa batire ndayeza pa OBD (plug yolumikizira sikana) pin 6 ndi 14, a mawaya a CAN, ndapeza 60 ohms. Ndiye ndigule module yo kapena pali china choti ndione kaye?

— Musagule kaye bwana. 60 ohms ikungokuuzani kuti ma resistor awiri a 120 ohms a kumapeto kwa mawaya a CAN ali bwino ndipo msewu waukulu wa CAN sunaduke. Module ikhoza kukhala pa kanthambi kake, waya wa kanthambiko ukaduka pa OBD muzingoonabe 60 yomweyo. Kayezeni pa plug ya module yeniyeniyo.

— Module yopanda moto siyankhula achimwene, yambani ndi fyuzi, ndipo muyeze ndi mita osati kungoyang'ana ndi maso. Kenako 12V ndi earth pa plug. Ma earth ambiri amamasulidwa pochotsa dashibodi anthu nkuiwala kumanga.

— Batire lanu lili bwanji? Likafooka ma U code amangobwera mbwee. Komanso key ili on, CAN high ikhale pamwamba pang'ono pa 2.5V, CAN low pansi pang'ono. Zikafanana ndendende kapena imodzi ili pa 0 pali short.

— Oika mawailesi ena amangosenda waya uliwonse wopotana awiriawiri kufuna ma steering control, tepi pamwamba basi. Chotsani wailesiyo kaye muone ngati module idzuke.

Zikomo nonse. Fyuzi ndayeza zili bwino, batire ikuwerenga 12.5V galimoto itazima. Kuseri kwa wailesi ndapeza mawaya awiri opotana atakulungidwa tepi yakuda yatsopano, sindinayivule, ndikuopa kuonjeza vuto. Amene ali ndi wiring diagram ya T31 andiponyere chithunzi cha plug ya 4WD yo chonde, Loweruka ndikufuna ndibwerere kumudzi kukatenga chimanga.