Nkhope yojambula mothamanga imakhala yamoyo, ukaimaliza imafa. Bwanji?

Pensulo2B:
Akuluakulu, ndithandizeni. Nkhope yojambula mothamanga, ya mizere yowerengeka, ukangoiona umadziwa kuti munthuyu ali ndi nkhawa. Koma ukayamba kusalaza ndi kudzaza mithunzi, imasanduka chithunzi cha pachiphaso. Chimalakwika n'chiyani? Nanga polekera ndi pati?

Wamakala:
Chimapha nkhope ndi kumaliza paliponse mofanana. Khutu, kolala ndi tsitsi zikada ngati maso, woonera amasowa poyang'ana. Sankhani malo amodzi, makamaka maso ndi nsidze, muikepo mdima wonse wa 6B, pensulo yofewa yolemba zakuda kwambiri. Kwina konseko mapensulo osada kwambiri, HB kapena 2B, mopepuka, pensulo mutaigwira chakumapeto, osati ngati mukulemba kalata.

Zamumtima zimaonekera m'timalo tating'ono zedi. Nsonga za nsidze zoyandikira mphuno zikakwera pang'ono, ndi chisoni. Zikatsika n'kuyandikana, munthu wakwiya. Chikope chapamwamba chikatsikira pa mwanadiso, watopa kapena maganizo ali kutali. M'mbali mwa milomo ndiye poopsa: milimita imodzi yokha, wodandaula uja wasanduka wonyoza. Pamenepo musafufutefufute ayi. Mzere woyamba nthawi zambiri ndiye umakhala woona, chifukwa mumaulemba maso ali pa munthu, pomwe yotsatirayo mumailemba maso ali papepala.

Nachoko:
A Wamakala anena zoona. Ndingowonjezera kuti musanaike diso n'limodzi lomwe, yambani mwagwira kupendeka kwa mutu. Mzere umodzi kuchoka pachipumi kufika pachibwano, wina wopingasa pakati penipeni pa mutu, pamene pamakhala maso. Mphindi 2 zakwana. Mutu wozyolika ndi mapewa okwera zanena kale zambiri.

Kuwala kuchokere mbali imodzi, monga pawindo. Mbali yowalayo mzere wa tsaya uduke, pepala loyera litsirize lokha. Kaoneni zojambula za makala za Käthe Kollwitz wa ku Germany, mayi amene mwana wake Peter anafera kunkhondo mu 1914. Mphamvu zonse amaziika pankhope ndi padzanja, zovala n'kungokhala mizere yokhwatchakhwatcha, koma chisoni chake chimakufika pamtima.

Chosema:
Komanso chonde lekani kusisita ndi chala. Mafuta apachala amathimbiritsa pepala, mthunzi umangoti mbuu, labala osauchotsanso. Pofuna kubwezera kuwala, tengani labala yofewa youmbika ija, muitsine ikhale yosongoka, muzingodinda, osakhula.

Za polekera: pakapita mphindi 5 zilizonse, imikani chojambulacho, mubwerere m'mbuyo mamita 2. Nkhawa ija ikamaoneka muli chapatalipo, ikani pensulo pansi, ngakhale khutu lina lisanajambulidwe.