Kasikuluwu kathyokera m'kati mwa implanti, akaboola fupa silipsa?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni nzeru, makamaka inu a za mano. Ndili ndi dzino la implanti, lija amakhomera chitsulo cha titanium m'fupa la nsagwada. Dzino lapamwamba linayamba kugwedera, kenako linagwa ndikutafuna. Atajambula, adokotala akuti implantiyo ili nganganga, koma kasikuluwu kogwira dzino kathyoka ndipo chiduswa chake chatsalira m'kati. Ayamba ayesa kuchizunguza ndi kachitsulo kosongoka, chikakana aboola. Kuboolako ndiye kwandisowetsa tulo. Chitsulo chikamakhulana ndi chinzake chimatentha, nanga fupa lomwe lagwira implantiyo? Komanso ndidzakhala nditabayidwa jakisoni wa dzanzi, ndidzadziwa bwanji kuti kwatentha?

Yankho:
Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndimagwira ntchito imeneyi. Mu 1983 akatswiri ofufuza, Eriksson ndi Albrektsson, atayesa pa akalulu, anapeza kuti fupa limayamba kuwonongeka likafika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha. Thupi lanu lili kale pa 37, ndiye mpata wake ndi madigiri 10 basi. Dzino lobadwa nalo lili ndi timinyewa pakati pa muzu ndi fupa, koma implanti imagwirana ndi fupa lenilenilo, kutentha kumangodutsa. Choipa china, fupa likapsa sizioneka tsiku lomwelo. Mumapita kwanu bwinobwino, pakapita masabata fupa lija layamba kuchoka m'mbali mwa chitsulo.

Musadalire kuti mudzamva kupweteka, ndi udindo wa dokotala kuziziritsa. Pamafunika madzi ochuluka nthawi yonse, makina oyenda pang'onopang'ono chobwerera kumanzere, kukhudza pang'ono n'kuchotsa, osati kukanikiza mpaka kalekale. Kabowoko ndi kakang'ono, madzi safika pansi ngati kachitsulo koboolera kangokhala momwemo. Ngakhale makina onjenjemera aja otsukira mano, amene ambiri timamasulira zidutswa zotere, amatentha akawayendetsa opanda madzi.

Wina:
Zovuta zonsezi za chiyani? Ingowauzani azule yonse aike ina.

Yankho:
Ayi achimwene, musawasocheretse. Implanti yogwira bwino siizulidwa ngati dzino. Nthawi zina amachita kudula fupa lozungulira, kenako mudikire miyezi kuti pachire. Kutaya zonsezo chifukwa cha kasikuluwu? Ndipotu chikathyoka, chiduswacho nthawi zambiri chimakhala chitamasuka kale, chimatuluka ndi kachitsulo kosongoka kaja popanda kuboola.

Wofunsa:
Zikomo bambo, mtima wakhalako pansi. Ndiye ndikawafunse chiyani osaoneka ngati ndikuwaphunzitsa ntchito?

Yankho:
Funsani ngati ali ndi zida zochotsera zogwirizana ndi mtundu wa implanti yanu, zokhala ndi kachubu kolondolera kuti poboola asakhote. Akakhota amadya mizere ya m'kati mwa implanti yomangirapo sikuluwu, sikuluwu yatsopano sigwiranso. Ngati alibe, akutumizeni kwa katswiri, dokotala wabwino sakwiya nazo. Mufunsenso chimene chinathyola kasikuluwuko. Kawirikawiri kamayamba kamasuka, munthu n'kumatafunirabe, monga munanena kuti dzino linkagwedera. Ngati mumakukuta mano usiku muwauze, akupangireni chovala kumano pogona, apo ayi katsopanoko kadzathyokanso.