Mnzanga akudzivulaza ndipo wandilumbiritsa kuti ndisauze munthu: ndichite chiyani?

Wophunzira wa Folomu 3, ku Chinamwali:

Makolo anga ndi anzanga, ndikupempha nzeru. Mnzanga amene ndimaphunzira naye wakhala akudzivulaza yekha, ndipo amavala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo pofuna kubisa zipsera. Anandiuza kuti akatero mtima umakhala m'malo kwa kanthawi, makamaka kunyumba kukabuka mkangano wa fizi, koma anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu chifukwa akuopa kuti anthu adzati wapenga kapena walodzedwa. Kodi ndikaulula ndikhala kuti ndamupereka? Nanga ife achinyamata tingathandizane bwanji pa vuto lotere?

Namwino wopuma pa ntchito, ku Matawale:

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa. Achinyamata ambiri amene amadzivulaza sachita zimenezi pofuna kudzionetsera, ndipo nthawi zambiri cholinga chawo sichikhala kufa. Amakhala akufuna kuti ululu wa m'thupi uphimbe ululu wa mumtima umene alephera kuufotokoza. Mpumulowo sukhalitsa, pambuyo pake pamabwera manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene amamubwezera ku zomwezo. Komabe usaitenge nkhaniyi mopepuka, pakuti munthu wodzivulaza amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzipha kuposa anzake.

Choncho umufunse mosabisa mawu, muli awiri, ngati anaganizapo zochotsa moyo wake. Ambiri amaopa kuti funso limeneli limamupatsa munthu maganizo oipa, koma sizili choncho, ndipo kawirikawiri wofunsidwayo amapepukidwa poona kuti wina walimba mtima kumumvetsera. Akavomera, kapena ngati bala lili lakuya, likutupa kapena likutuluka mafinya, lumbiro lija lithere pomwepo: usamusiye yekha, uitane munthu wamkulu ndipo mupite naye ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chapafupi tsiku lomwelo, kumene akaonenso za katemera wa kafumbata. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Ngati iye akuchita mantha, uyambe kulankhula ndiwe, iye ali pambali pako.

Mnyamata wa ku Chikanda:

Chemwali, ine ndinadutsamo m'zimenezi ndili ku sekondale. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi anthu amene ankandikakamiza kulonjeza kuti sindidzachitanso, chifukwa ndikalephera kusunga lonjezolo ndinkangobisa koposa kale. Mnzanga amene anandithandiza sankandiyang'ana m'mikono tsiku ndi tsiku, koma tinagwirizana kuti maganizowo akandifikira ndizimuimbira kapena kupita kwawo, tiyende limodzi mpaka atadutsa. Chilakolako chodzivulaza chimakwera kenaka n'kutsika, ndipo munthu akapirira kanthawi ali ndi mnzake, mphamvu yake imachepa. Ndikuchenjezeni za magulu a pa WhatsApp ndi Facebook amene anthu amatumizirana zithunzi za mabala: amaoneka ngati akutonthozana, koma ine ankangondibwezera m'mbuyo. Inunso muzigona ndi kuwerenga, chifukwa simungakhale mlonda wake usiku uliwonse.

Mphunzitsi wa ku Domasi:

Ndikugwirizana ndi amayi anamwino, koma ndionjezere za munthu woyenera kuuzidwa, chifukwa apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Si wamkulu aliyense amene angaisunge bwino nkhaniyi, ndipo ngati gwero la vutoli lili kunyumba, kuthamangira kwa makolo kungachititse kuti mwanayo akalipiridwe kapena kumenyedwa kumene. Umuuze mnzakoyo mosapita m'mbali kuti katunduyu wakulemera ndipo sungamusenze wekha, kenaka umulole asankhe yekha munthu amene amamukhulupirira, kaya ndi mphunzitsi wachizimayi, amayi a mu gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, azakhali ake, kapena mlangizi wa ku mpingo kapena ku mzikiti. Akasankha upite naye, usapite kumbali iye osadziwa, pokhapokha ngati moyo wake uli pa ngozi monga anenera amayiwa. Mwina adzakukwiyira masiku angapo, ndipo zimenezo uzivomereze.

Za mantha akuti adzatchedwa wopenga, ndikudziwa kuti ife a kuno timangomva dzina la Zomba Mental Hospital n'kunjenjemera, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti dzinali lasanduka chotonzera ana m'sukulu. Umutsimikizire kuti kuonana ndi mlangizi kapena namwino wa matenda a maganizo sikutanthauza kugonekedwa m'chipatala, pakuti ambiri amangocheza nawo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pemphero ndi labwino ndipo mupemphere ngati iye afuna, koma lisalowe m'malo mwa uphunguwo. Nkhani ya fizi nayonso aifikitse kwa aphunzitsi aakulu msanga, kuti aone ngati angathandizidwe kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lino.