Vibrato mu Kontakt ikunjenjemera kwambiri, gudumu la mod silikumvera

mabiti_ulongwe:
Zikomo akuluakulu, ndili ku Ulongwe kuno, ndimajambula makwaya pa kastudiyo kanga ka kunyumba. Mwezi wathawu ndinajambula chitoliro cha bango cha mdala wina wa ku Domue, noti imodziimodzi, nkuziika mu Kontakt, pulogalamu ya pakompyuta yoimbira mawu ojambulidwa, kuti ndiziziimba pa kiyibodi. Zimamveka zouma ndiye ndinaika LFO (kachipangizo ka mu Kontakt kogwedeza mawu mobwerezabwereza) pa pitch (kukwera ndi kutsika kwa noti) kuti manoti ataliatali azigwedera pang'ono ngati mpweya wa munthu, imeneyo ndiye vibrato. Koma eee ikangoyamba siyisiya, kungodina basi mpaka kuchotsa chala ikungolira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo gudumu la mod la pa kiyibodi ndikweze nditsitse palibe chikusintha. Chomwe ndikufuna nchoti gudumu likakhala pansi noti izikhala yowongoka, ndikamakweza kugwederako kuzibwera pang'onopang'ono. Akwaya akufuna nyimbo yawo Loweruka, chonde ndithandizeni.

kiyibodi_moatize:
Achimwene LFO yanuyo ikugwira bwinobwino, kungoti simunaiuze kuti izimvera gudumu. Gudumu limatumiza ku kompyuta uthenga wotchedwa MIDI CC1, manambala ake 0 mpaka 127, ndiye ngati palibe chomwe mwachimangirira ku CC1 mutha kulizunguza tsiku lonse osamva kanthu. Dinani kachizindikiro ka sipanala kaja ka mu Kontakt kotsegulira zamkati, tsikirani pansi pa Modulation pomwe pali LFO yeniyeniyo, iyonso imalola kuikiridwa modulator yake, sankhani MIDI CC nambala 1 ndipo izilamulira intensity ya LFOyo, kutanthauza kukula kwa kugwederako. Samalani apa, anthu ambiri amamangirira CC1 ku pitch mwachindunji ndiye gudumu limangokweza noti yonse ngati pitch bend.

Zambuzizo ndi slider ija ya pamzere wa pitch. Ikakhala kumapeto ndi masemitoni 12, okitevu yathunthu, pomwe vibrato ya chitoliro ndi kachidutswa chabe ka semitoni imodzi. Semitoni ili ndi masenti 100, inu yambani ndi 20 kapena 30, gwirani Shift pokoka kuti iziyenda pang'ono. Liwiro la LFO likhale 5 kapena 6 Hz, kutanthauza kugwedera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Slider imeneyo ndiye malire, gudumu lizingoyenda kuchokera pa ziro kufika pamenepo.

dj_wa_pa_zobue:
Onetsetsani kaye kuti ndi Kontakt yathunthu, Player yaulere ija simungasinthe zamkati momasuka. Ine ndinasamukira ku sforzando, pulogalamu ina ngati Kontakt ya kampani ya Plogue, yaulere komanso laputopu yanga yakale siyitsamwa nayo. Fayilo yake ya sfz mumangotsegula mu Notepad nkulemba pitchlfo_freq=5.5 ndi pitchlfo_depthcc1=30 basi zatheka, 30 ameneyo ndi masenti gudumu likafika pamwamba.

mphunzitsi_wa_kwaya:
Mwana wanga ine za makompyuta ndimadziwa zochepa koma ndaimbitsa kwaya zaka zambiri kuno ku Tsangano, ndiye mundimve pa ichi. Bwererani mukamvetsere zomwe munajambula kwa mdala uja. Woimba chitoliro sayamba noti ndi kugwedeza, amaiponya yowongoka kaye, mpweya ukamapita kumapeto mpamene mawu amayamba kugwedera, ndipo chimene chimasintha kwambiri ndi mphamvu ya mawu ndi kamphepo kaja ka pakamwa pa bango, osati kukwera ndi kutsika kwa noti kokha. Mukaona nyanga, zitoliro za Anyungwe, kumunsi kwa Zambezi uko, kukoma kwake kuli pa kulandizana, uyu aomba uyu ayankha, mawu apakhosi akulowa pakati, mapazi akugunda pansi. Ndiye gudumu lanulo musaliumirize pa noti iliyonse. Pa manoti afupiafupi lisiyeni pansi, akwaya akamakoka Aleluya wautali mpamene muzilikweza.

mabiti_ulongwe:
Zatheka!! Ndinalidi nditasiya slider pafupi ndi theka, masemitoni ambirimbiri, nchifukwa chake zimalira choncho. Pano ili pa masenti 25 ndipo CC1 ikulamulira intensity monga mwanenera achimwene a ku Moatize. Gudumu la kiyibodi yanga ndi lakutha, limalumphalumpha manambala, ndiye ndakweza lag, yosalaza kusintha kwa manambala, pa mzere wa CC1 uja ndipo kudumphako sikukumvekanso. Bambo mphunzitsi ndamvetseranso mafayilo aja ndi mahedifoni ndipo mukunena zoona, pa noti yayitali mdala uja amakhala phee pafupifupi sekondi yathunthu asanayambe kugwedeza, ndiye ndaika fade in pa LFO kuti kugwedera kuzibwera pang'onopang'ono, komanso LFO ina yofooka pa voliyumu. Funso lina, kodi ya pa voliyumuyo ndiimangirirenso ku CC1 yomweyo kapena ndiipatse nambala ina, CC11, kuti ndiziilamulira ndi phazi pa pedo? Dzanja lamanzere limakhala lili pa makodi (ma chord) nthawi zambiri, kufikira gudumu kukumandivuta.