Leleti Khumalo wa Sarafina uja anakhalitsa bwanji pa zisudzo?

Nachisale_BT

Akuluakulu a zisudzo, ndithandizeniko. Ambirife tikamva dzina la Leleti Khumalo timangoona mtsikana wa yunifomu ya sukulu uja akuimba mu Sarafina. Koma mayiyu anapitiriza kuoneka pa TV ya ku South Africa patadutsa zaka 30 chitulukire filimu imeneyo. Anayenda njira yanji? Komanso ndimamva anthu akuti siteji, filimu ndi masewero a tsiku ndi tsiku a pa TV ndi ntchito zitatu zosiyana. Zimasiyana pati, poti konseko munthu amangoloweza mawu n'kusewera?

Mphunzitsi_waZisudzo

Mayi Nachisale, tiyambe ndi kukonza kanthu kamodzi. Sarafina sinayambe ngati filimu. Linali sewero la pa siteji la nyimbo ndi magule, lolembedwa ndi Mbongeni Ngema, ndipo pa nyimbo anathandizana ndi Hugh Masekela. Nkhani yake ndi ya ana asukulu a ku Soweto amene anaukira boma la tsankho mu June 1976. Leleti anabadwa mu 1970 ku KwaMashu, kufupi ndi Durban, ndipo Ngema anamutenga akadali mtsikana. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1987, kenako mu January 1988 linakalowa ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku New York. Kumeneko linaonetsedwa ka 597 mpaka July 1989.

Nambala imeneyi musaidumphe. Ku Broadway amasewera kasanu ndi katatu pa sabata, ndiye 597 mukaigawa ndi 8 mupeza masabata opitirira 74, gulu likuimba ndi kuvina zomwezomwezo. Chimene chimayamba kugonja pa ntchito yotere ndi mawu. Wosewera amene amakuwa ndi kukhosi amasasa mawu pasanathe masabata awiri. Odziwa amakoka mpweya wofika m'mimba, nthiti n'kutambasuka, mawu n'kumatuluka mokankhidwa ndi mpweyawo. Asanalowe pa siteji amatenga mphindi 20 kapena 30 kutenthetsa mawu ndi thupi, kuyamba ndi kung'ung'udza chapansipansi. Ubwino wa siteji ndi woti nkhani imayenda mwa dongosolo lake, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye mkwiyo kapena chisoni zimakula zokha. Kuipa kwake, ukaiwala mzere palibe wokuimitsira sewero, ndipo chilichonse uyenera kuchikulitsa kuti wokhala mpando wa kumapeto kwa holo aone ndi kumva.

Filimu inabwera mu 1992, wotsogolera anali Darrell Roodt. Whoopi Goldberg anali mphunzitsi, Miriam Makeba anali mayi ake a Sarafina. Kuchoka apo Leleti anaoneka mu Cry, the Beloved Country mu 1995, mu Yesterday ndi Hotel Rwanda mu 2004, ndi mu Invictus mu 2009. Pa TV anasewera mu Generations, mu Uzalo kuyambira 2015, ndi mu Imbewu kuyambira 2018. Kwa ine ntchito yake yoposa zonse ndi Yesterday, osati Sarafina, koma za kamera ndiwasiyira anzanga.

Wakamera

Aphunzitsi anena zoona pa Yesterday, ndipo ndi filimu yabwino kuphunzirirapo kusiyana kumeneku. Yonse ndi ya m'Chizulu. Leleti ndi mayi wa kumudzi ku KwaZulu-Natal, mwamuna wake amagwira ntchito ku migodi ku Johannesburg. Akutsokomola, amayenda mtunda wautali kupita ku chipatala n'kubwezedwa chifukwa mzere watalika, kenako amadzamva kuti ali ndi HIV, ndipo chimene watsala nacho mumtima ndi kuona mwana wake Beauty akuyamba sukulu. Muonereni nkhope. Munthu amene ankadzaza holo ndi mawu ku New York, muno nthawi zambiri amangoyang'ana pansi, n'kuyankha mawu awiri. Kamera ikayandikira, nkhope imadzaza sikirini yonse, ndiye kukweza nsidze kumene pa siteji sikuoneka n'komwe, apa kumakhala ngati kukuwa.

Kajambulidwe kake kali motere. Tsamba limodzi la script, mapepala olembedwapo sewero lonse, limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, ndiye filimu ya ola ndi theka imakhala ndi masamba ngati 90. Pa tsiku la maola 12 gulu limajambula masamba atatu mpaka asanu basi. Chochedwetsa ndi choti kamera nthawi zambiri imakhala imodzi, ndipo scene iliyonse, kutanthauza kachigawo ka nkhani kochitikira pa malo amodzi, imajambulidwa kangapo. Amayamba ndi chithunzi chapatali choonetsa malo ndi anthu onse, kenako chapakati, kenako close-up, chithunzi chapafupi cha nkhope ya munthu aliyense payekha. Kamera ikasuntha, magetsi nawo amakonzedwanso, ndipo wosewera amadikira mwina ola lathunthu kuti akalire kwa masekondi 40.

Apa ndi pomwe ochokera ku siteji amapunthwa. Ngati pa chithunzi chapatali munanyamula kapu ndi dzanja lamanja pa mawu akutiakuti, pa close-up muyenera kuinyamula ndi dzanja lomwelo pa mawu omwewo. Mukasintha, wolumikiza zithunzi sangathe kuziphatikiza, kapu imadumpha kuchoka dzanja ili kupita linalo, ndipo take (ulendo umodzi wojambula scene) imene munasewera bwino kwambiri imatayidwa chifukwa cha kapu. Pali munthu amene ntchito yake ndi kulemba zimenezi, za continuity, koma wosewera wodziwa ntchito amazisunga yekha m'mutu.

Chachiwiri ndi poimira. Pansi amamata katepi kosonyeza pamene inuyo muime, ndipo muyenera kufika pamenepo osayang'ana pansi. Pa close-up, kuphonya ndi masentimita 10 okha nkhope imatuluka mbuu, kapena mumatchinga kuwala kwa mnzanu. Chachitatu ndi mawu. Maikolofoni ili pamwamba pa mutu wanu pa ndodo, ina yaing'ono yabisidwa m'malaya, ndiye kukweza mawu ngati muli mu holo kumangosokosa. Musalowererenso mawu a mnzanu asanamalize pokhapokha wotsogolera atanena, chifukwa mawu olowana sadulika. Mphepo kapena galimoto ikaononga mawu, mudzaitanidwa ku situdiyo patapita miyezi kuti mukabwereze mizere ija mogwirizana ndi milomo yanu ya pa sikirini, ndi mtima womwe uja wa tsiku lojambula.

Chovuta kuposa zonsezi n'choti filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Amajambula motsatira malo, pofuna kupulumutsa ndalama za mayendedwe. Zonse zochitikira ku chipatala zimajambulidwa masiku otsatizana, ngakhale kuti m'nkhani zatalikirana miyezi. Pa nkhani ya munthu wodwala amene akufooka pang'onopang'ono, m'mawa mutha kusewera ali wamphamvu, masana ali pafupi kugona pansi. Osewera ambiri amalemba m'mphepete mwa script, pa scene iliyonse, kuti munthuyu akuchokera kuti, akudziwa chiyani pofika pano, ndipo thupi lake lili bwanji. Wopanda zolemba zotere amasewera chisoni chofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, filimu n'kukhala yosakoma.

Achimwene_aku_Joni

Ndiwonjezere za mphoto, poti anthu amasokoneza. Pa Sarafina ya ku Broadway, Leleti anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Tony, ya zisudzo za ku Broadway, mu 1988, koma sanapambane. Yesterday inalowa m'gulu la mafilimu asanu a zinenero zakunja opikisana pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, mu 2005, mphotoyo inapita kwa filimu ya ku Spain. South Africa inadzaitenga chaka chotsatira ndi Tsotsi, momwe Leleti mulibe. Ndiye tisamupatse zikho zimene sanalandire, kufika pamenepo kokha ndi nkhani kale.

MayiWaScript

Funso la momwe anakhalitsira yankho lake lili pa TV. Mafilimu amabwera mwa apo ndi apo, taonani mipata ya zaka imene aphunzitsi alemba pamwambapa: 1995, 2004, 2009. Lendi simadikira zaka zisanu. Chimene chimadyetsa wosewera wa ku South Africa mwezi ndi mwezi ndi masewero a tsiku ndi tsiku, omwe kumeneko amawatcha soapie.

Sewero lotere limaulutsidwa kasanu pa sabata, gawo lililonse mphindi zopitirira pang'ono 20 mukachotsa malonda. Ndiye tsiku lililonse gulu liyenera kumaliza pafupifupi gawo lathunthu, masamba 20 kapena kuposa, pomwe a filimu akujambula asanu. Zimatheka chifukwa mu situdiyo nyumba zake n'zomangiratu, magetsi ali kale kudenga, ndipo makamera awiri kapena atatu amajambula nthawi imodzi. Mumawerengera limodzi mizere, wotsogolera n'kukuonetsani poima ndi poyenda, mumayeserera kamodzi, kenako n'kujambula. Take imodzi kapena ziwiri, mwadutsa. Wosewera wa mbali yaikulu amatha kukhala ndi ma scene khumi pa tsiku, ochokera m'magawo osiyanasiyana, uku akusintha zovala pakati. Madzulo amalandira call sheet yonena ola lofikira ndi ma scene a mawa, ndipo usiku womwewo ndi woloweza. Amene amafuna masabata kuti alowe mu mbali yake, kuno sakhalitsa. Ngozi ina ndi ulesi: poti nthawi palibe, munthu amapeza nkhope zitatu, ya mkwiyo, ya kudabwa ndi ya kulira, n'kumangozisinthanitsa zaka zisanu.

Mu Uzalo, sewero la pa SABC1 lomwe nkhani yake imachitikira kwawo ku KwaMashu, Leleti anali MaNzuza, mkazi wa m'busa. Mu Imbewu pa e.tv anali MaZulu, ndipo kumeneko analinso mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa seweroli. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa osewera ambiri kumeneko amalipidwa pa ntchito ya lero basi, sewero likabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja salandira kanthu. Mu 2014 osewera 16 a Generations ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro ndi ndalama za kubwereza kumeneku, ndipo onse anachotsedwa. Wokhala nawo mbali ya eni sewero amakhala pa mpando wolimbirapo.

Palinso nkhani ya khungu. Leleti ali ndi vitiligo, vuto limene limachotsa mtundu wa khungu n'kusiya zigamba zoyera. Si matenda opatsirana. Kwa zaka zambiri ankaziphimba ndi zodzoladzola akamajambulidwa. Ganizirani ntchito yake: kufika msanga kuposa anzake kuti amupake kumaso ndi m'manja, kupakanso thukuta la magetsi likasungunula, kusamala kuti zisadetse kolala, ndipo mtundu wake ufanane ndendende ndi wa dzulo. Mu Imbewu anasiya kuphimba, anaonekera momwe alili.

Nachisale_BT

Zikomo nonse, ndamva zambiri. Nanga mtsikana wa kuno amene wazolowera masewero a kusukulu kapena a mu holo, angayambire pati kuzolowera kamera?

Wakamera

Foni yokha ikukwanira, mayi. Aiike chopingasa pa chinthu chosagwedera, molingana ndi maso ake, pa mtunda woti aoneke kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba. Kumbuyo kukhale khoma lopanda zithunzi, windo likhale kutsogolo kwake, chifukwa likakhala kumbuyo nkhope imada bii. Mnzake womuwerengera mizere aime pambali penipeni pa foni, alankhule motsitsa poti ndiye ali pafupi ndi maikolofoni, ndipo mtsikanayo aziyang'ana mnzakeyo, osati kamera. Asankhe scene ya mphindi imodzi kapena ziwiri, aijambule katatu. Koyamba asewere momwe amachitira mu holo. Kachiwiri manja akhale pa ntchafu, mawu akhale oti amve munthu wokhala naye pa mkeka umodzi. Kachitatu asaganize za mizere yake, angomvetsera zimene mnzakeyo akunena. Kenako aonere zonse zitatu atazimitsa mawu, awerenge kuti waphethira kangati, wagwedeza mutu kangati, ndipo maso athawa kangati pamene akufunafuna mzere wotsatira. Ngati maso akuthawira kudenga, mizere sinalowe, abwerere ku pepala asanajambulenso.