Chimbale cha nyimbo zakale chandiimira pa nambala 6, ndithandizeni akuluakulu

Produsa wa pa Boma:
Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Pali achemwali ena amene amaimba ndi bandi m'malo ogona alendo kuyambira ku Makawa mpaka ku Cape Maclear, komanso m'maukwati. Mawu ali nawo, zimenezo palibe angatsutse. Koma aona kuti akaimba nyimbo zawozawo anthu amangoomba m'manja mwaulemu, pomwe akagwetsa ija ya makedzana ya pa wailesi, ngakhale agogo amasiya chambo m'mbale n'kulowa m'bwalo. Ndiye anabwera kuti tipange chimbale cha nyimbo 10, zakale zokhazokha, zoimbidwanso ndi mawu awo.

Tajambula 6. Dzulo mphwanga amene amandiikira nyimbo pa intaneti wandifunsa kuti, "Mapepala a nyimbozi ali kuti?" Ine kakasi. Ndimayesa nyimbo ya zaka 40 ndi ya aliyense ngati madzi a m'nyanja.

Ndinene zonse, wobisa matenda maliro amamuulula. Pa nyimbo yachiwiri ndinadula kagitala koyambira kaja pa kaseti yeniyeniyo n'kukaika, chifukwa palibe akanakaimba chimodzimodzi. Pa yachinayi tinatembenuza vesi imodzi kupita m'Chiyao kuti anthu a kuno aimve kukoma. Yachisanu achemwaliwo akuti ndi ya makolo. Ndalama zawo ndadya kale theka. Ndiyambire pati?

Wa Kiyibodi ku Namwera:
Achimwene, poyamba siyanitsani zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza. Pali nyimbo, kutanthauza mawu ndi maimbidwe ake, imeneyo ndi ya amene anaipeka. Ndiye pali chojambulidwa, chija chili pa kaseti, chimenecho mwini wake akhoza kukhala wina: bandi, amene analipira situdiyo, kapena wailesi. Paja nyimbo zambiri zakale zinajambulidwira ku MBC ku Blantyre, nthawi imene masitudiyo anali osowa. Mukaimbanso nokha mumakhudza mwini mmodzi. Mukadula pa kaseti mumakhudza awiri. Kagitala ka nambala 2 kachotseni lero lomwe, musadikire kufunsa munthu.

Za zaka 40 zo iwalani. Lamulo lathu la umwini wa zaluso, la 2016, limateteza nyimbo moyo wonse wa woipeka ndi zaka 50 atamwalira. Chitsanzo: a Daniel Kachamba anatisiya mu 1987, ndiye zawo zikadali ndi eni mpaka 2037. A Allan Namoko anamwalira mu 1995, muwerenge nokha. Pafupifupi chilichonse chimene anthu amavina paukwati lero chikadali m'manja mwa munthu.

Wobena Nyimbo pa Depoti:
Aaa inunso, Malawi wake uti ameneyu? Tulutsani chimbale anthu avine. Akadzadandaula mudzakambirana. Ine ndimaika nyimbo m'mafulashi tsiku ndi tsiku, sindinaonepo mzukwa ukubwera kudzafunsa.

Mayi wa Kwaya ku Malindi:
Mzukwa subwera, amabwera ndi ana ake. Ndipo sabwera nyimbo ikakanika, amabwera ikaphulika, muli pa wailesi mukudzitama. Ife zinatichitikira ndi nyimbo imodzi yokha. Tinkaiyesa ya mpingo, poti tinakula tikuimba. Titatulutsa CD kunatulukira mayi wina atanyamula kope lakale la malemu amuna awo, nyimboyo ilimo yolembedwa pamanja, tsiku lake lilinso pomwepo. Tinachita manyazi osasimbika. Zikuto 300 zinali zitasindikizidwa kale, tinachita kumata kapepala ka dzina pa chilichonse.

Wobena Nyimbo pa Depoti:
Chabwino mayi, ndagonja. Komabe mapepalawa amatha ndalama.

Mjomba wa Bass, M'baluku:
Mwana wanga wa pa Boma, khala pansi ulembe. Tenga pepala, nyimbo iliyonse mzere wake: dzina la nyimbo, amene anaiimba pa kaseti, amene anaipeka, ali moyo kapena ayi, kwawo n'kuti. Usathamange podzaza dzina la woipeka. M'mabandi akale woimba kutsogolo sanali wopeka nthawi zonse. Ine ndaimbapo m'bandi momwe nyimbo zabwino zonse ankabwera nazo wa ng'oma, koma dziko linkadziwa dzina la wa maikolofoni.

Pepala limenelo upite nalo ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Bungweli lilipo kuyambira 1992 ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Akuuza ngati wopekayo analembetsa, ndi amene akulandira m'malo mwake ngati anamwalira. Chilolezo chojambulanso nyimbo momwe ilili chimadzera kumeneko. Usasokonezeke ndi zoti achemwaliwo akhala akuziimba ku nyanja popanda vuto. Kuimba pa siteji, chilolezo chake amayenera kulipira ndi eni malowo. Kuika pa chimbale ndi nkhani ina, imeneyo ndi yanu awiri.

Tsono nambala 4 ndi imene ikundidetsa nkhawa. Kutembenuza mawu kupita m'Chiyao si kuimbanso chabe, ndi kusintha ntchito ya munthu. Pamenepo pamafunika mwini wake kapena banja lake livomere, ndipo ali ndi ufulu wokana. Ine Chiyao ndimachikonda, ndi chinenero cha mayi anga, koma tisanamizane: vesi ikawoloka chinenero nthawi zina imafika tsidya linalo itanyowa. Mwina malemuwo ankadandaula, inu mwawasekesa.

Produsa wa pa Boma:
Mjomba, ndamva. Koma kubanjako ndikalowa bwanji? Ndili ndi nambala ya mwana wawo mmodzi, ndimaganiza zongomuimbira n'kumutumizira kangachepe pa foni.

Mjomba wa Bass, M'baluku:
Ayi ayi ayi. Imeneyo ndiyo njira yogulira mlandu. Mnzanga wina anachita zomwezo, analipira mwana wamwamuna mmodzi wa m'tauni. Patatha miyezi itatu kunabwera mayi ake ndi alongo ake awiri kuti iwo sanamvepo kanthu, ndalamayo sanaione n'komwe. Analipira kawiri.

Kwera minibasi upite wekha, ndi achemwaliwo, mutenge munthu wamkulu mmodzi. Musapite chimanjamanja. Mukafika mufunse kuti za malemu amayendetsa ndani. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, koma kumudzi malume ndi adzukulu nawonso amafuna amve, ndiye ndi bwino onse akhale pamphasa imodzi. Muwaimbire nyimboyo pa sipika, vesi ya Chiyao ija muwamasulire liwu ndi liwu. Akavomera, kalata: dzina la nyimbo, zimene alola, gawo lawo pa ndalama, asayine, mboni isayine. Amfumu akadindapo ndiye bwino kwambiri. Kope imodzi yawo, imodzi yanu, ina ku COSOMA.

Ndipo usaope. Mabanja ambiri amakondwa kumva kuti bambo awo akukumbukiridwa. Taona mu 2020 momwe Namadingo anakhalira pansi ndi agogo Giddes Chalamanda n'kuimba nawo limodzi. Ana amene sankawadziwa agogowo anawadziwa. Chimene anthu amadana nacho ndi kumva nyimbo ya kwawo pa wailesi, dzina lili la wina.

Wa Kiyibodi ku Namwera:
Pa nambala 5: mawu oti "ya makolo" asakupusitseni kuti ndi yaulere. Nyimbo za chikhalidwe lamulo linaziika m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndiye pochita nazo malonda mufunsenso komweko. Chachiwiri, fufuzani kuti achemwaliwo anaiphunzira kuti. Ngati anaimva kwa agogo awo pa mtondo, chabwino. Ngati akutsatira momwe bandi ina inaikonzera, ndi magitala ake omwe, ndiye kuti mukutenga ntchito ya bandiyo.

Mayi wa Kwaya ku Malindi:
Komanso muonetsetse kuti si ya kuchinamwali. Zina za manganje zimaimbidwa poyera, koma zina ndi za kusimba, sizituluka. Mungakhale ndi mapepala onse koma anankungwi osakupatsani moni.

Produsa wa pa Boma:
Ndabweranso, zavuta kwina. Ndachotsa kagitala ka pa kaseti, ndaitana mnyamata wa gitala kuti akaimbenso. Watchuna bwinobwino ndi kamakina kake, koma akangoyamba zikumveka ngati amphaka awiri akukangana. Tayesa G, ayi. Tayesa A flat, ayinso. Magetsi athima tili pomwepo, jenereta yamwa malita awiri pachabe.

Mjomba wa Bass, M'baluku:
Hahaha, takulandira ku dziko la makaseti. Nyimbo yako siili pa G, siili pa A flat, ili pakati. Matepi akale ankathamanga kapena kuchedwa pang'ono malinga ndi makina, ndipo kaseti ikakopedwa kuchokera ku inzake kangapo zimaonjezekera. Komanso ambiri mwa madala aja ankatchuna ndi khutu, wa banjo akayamba ena onse n'kumutsatira. Iwe unakokera kiyibodi, bass ndi mawu ku kagitala kaja osadziwa.

Wa Kiyibodi ku Namwera:
Ndi zomwezo. Yezani noti imodzi yaitali ya bass ndi tuner, kamakina kotchunira kaja, muone kuti yapitirira ndi ma cents angati (kuchoka pa G kufika pa A flat ndi ma cents 100). Zonse za MIDI, zija kompyuta imaliza yokha motsatira manoti, zibwezeni pa 440, mulingo wa masiku onse wotchunira zida, zimenezo ndi mphindi imodzi. Mawu a woimba mukhoza kuwatsitsa pa kompyuta ngati kusiyana kuli kochepa, koma ine ndikanakhala inu ndikanawajambulanso. Ndipo poti mukujambulanso, funsani funso limene simunafunse poyamba: kii imeneyi ndi ya achemwaliwo kapena ndi ya malemu? Nyimbozi zambiri ankaimba ndi amuna. Mayi akaitsatira pomwepo amakhala akukwawa pansi kapena kukuwa. Ayeseni pa C kapena D mumve.

China, musaipanikize pa click, kaphokoso kaja kosunga liwiro la nyimbo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mabandi akale ankayamba modekha n'kumatentha pofika kumapeto, ndipo kukoma kwake kuli pamenepo. Mukaiwongola kwambiri imasanduka nyimbo ya pa foni yodikirira.

Wobena Nyimbo pa Depoti:
Apa pokha ndikuvomereza. Zakale zokonzedwa mopitiriza anthu sazifuna, amati "ndiikireni yeniyeni ija".

Produsa wa pa Boma:
Akuluakulu, patha masabata atatu, ndikupatseni lipoti. Bass inali itakwera ndi ma cents 40, Mjomba munalasa. Tajambulanso nambala 2 pa C, achemwaliwo akuti aka n'koyamba kuimaliza khosi lisakuwawa.

Pepala lija ndinapita nalo. Pa nyimbo 10, zisanu ndi ziwiri eni ake apezeka. Imodzi inandidabwitsa, wopeka wake si amene tonse timamutchula. Kubanja la nambala 4 tinapita Loweruka ndi amalume anga. Mayi a kumeneko anamvetsera kawiri ali chete, kenako anati vesi ya Chiyao ikhale, koma liwu limodzi tisinthe chifukwa amuna awo sankanena za chibwenzi, ankanena za mlongo wawo amene anapita ku Joni osabwerako. Tasintha, asayina, mwana wawo wamkazi ndi amfumu achitira umboni.

Nambala 5 taichotsa, Mayi a ku Malindi munanena zoona, agogo ena atangoimva anagwira pakamwa. Ziwiri zimene eni ake sanapezeke taziika pambali kaye. M'malo mwake achemwaliwo aikamo yawoyawo imodzi, chimbale chikhala cha nyimbo 8. Mphwanga uja akuti pa fomu ya kampani yoika nyimbo pa Spotify ndi Boomplay alemba dzina la wopeka aliyense momwe lilili m'makalatamo, ndipo pachikuto tichita chimodzimodzi.

Chatsala ndi banjo ya nambala 7. Ya pa kiyibodi ikumveka ngati chitini. Alipo akudziwa mdala woimba banjo yeniyeni, kaya ku Chimwala kaya ku Monkey Bay? Thiransipoti ndi nsima ndi zanga, Lachinayi m'mawa magetsi asanathime.

Mjomba wa Bass, M'baluku:
Alipo wina kuseri kwa msika, amasoka maukonde masiku ano. Foni alibe. Undipeze Lachitatu madzulo pa mlatho tipitire limodzi, ndipo ubwere ndi mawaya atsopano, ake anaduka awiri.